Twaibu Amabwera Masana

Lolemba, 4 Juni 1956

Andigoneka. Bedi lachisanu kuchokera pakhomo, wodi ya zidakwa, chipatala cha mishoni kuseri kwa Hatile, kuno Azezuru amati Chegutu. Wandibweretsa ndi mwana wanga Asiyatu, pa lole ya thonje. Kope ili ndi pensulo wandipatsa namwino, Mayi Tabitha, akuti ndizilongolola ndi pepala kuti anzanga apume. Ndine Jafali wa ku Kotakota, zaka makumi atatu m'migodi ya Gatuma ndi Chakari. Sukulu sindinapondeko, zilembo ndinachita kutola m'komboni ngati nkhuku. Dzanja likukana. Basi.

Lachinayi, 7 Juni

Masiku awiri anditayika. Akuti ndinaphupha kawiri, anachita kundimanga ndi nsalu. Mankhwala ndi awa: kakapu m'mawa ndi madzulo, onunkha ngati nsikidzi yofinyidwa, dzina lake paladihaidi. Jakisoni wa vitamini pathako. Madzi a shuga ndi mchere, jagi yathunthu. Ndinafunsa Mayi Tabitha ngati m'kakapumo muli mowa, poti amawotcha pakhosi. Anapita kukafunsa dokotala, anabwera nati mulibe. Ndinamwa.

Lachisanu, 8 Juni

Makoswe amene ankatuluka m'khoma apita. Dokotala ndi mzungu wamtali, amalankhula Chilapalapa ngati kapitawo wa pansi pa mgodi. Wandidina pamimba kumanja, akuti chiwindi chatupa zala zitatu. Wandimanga mkono ndi lamba wopopa, wamvetsera mtima, akuti mtima ndi wa bulu. Akuti zonse zimene ndikuona zitha mowa ukatha m'magazi.

Za Twaibu sindinamuuze.

Twaibu ndi mnzanga wa kwathu. Tinayenda naye wapansi kuchokera ku Kotakota, kuwoloka Zambezi pa Tete, tili anyamata opanda ndevu. Tinapangana pa njira kuti amene adzayambe kufa, mnzake adzamusambitsa, adzamukulunga m'sanda, adzamugoneka moyang'ana Kibula, ku Maka, monga achitira Asilamu. Sanda yake anagula yekha kwa Mmwenye ku Gatuma, nandipatsa kuti ndisunge m'bokosi mwanga. Anamwalira mu Febuluwale ku Chakari, chifuwa cha mgodi. Ine ndinali ku Rimuka masiku atatu pa mowa wa chikokiyana, kiyi wa bokosi ali m'thumba mwanga. Pofika ndinapeza amuika kale, m'bulangete la komboni, majombo ali kumapazi, wosasamba, manda oyang'ana ku chigayo cha miyala.

Amabwera masana. Tikatha kudya, akatsitsa makatani kuti tigone ola limodzi, ndiye nthawi yake. Amakhala kumiyendo kwa bedi, bulangete paphewa, fumbi lofiira m'ndevu. Salankhula. Amangotsokomola pang'onopang'ono, ngati munthu waulemu amene sakufuna kudzutsa odwala. Ine ndimapinda miyendo, ndimayang'ana kudenga mpaka belu la tiyi.

Loweruka, 9 Juni

Kumanzere kwanga kuli Sitefano, foromani wa pa famu ya fodya cha ku Ngezi, Mkatolika wa ku Tete, mwini kachasu. Pakamwa pake palibe chitseko. Wandipatsa dzina loti a Shehe. Lero anati sanaonepo Msilamu m'wodi ya zidakwa, ndiye ndimuuze ngati pomwa ndinkayang'ananso ku Maka. Ndinamuyankha kuti ife tinkabisala kuseri kwa chimbudzi, osati iwo amene amamwera m'tchalitchi momwe, wansembe ali kutsogolo. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

M'mawa uliwonse kuli belu la mapemphero, nyimbo ziwiri ndi mawu a m'Baibulo. Amene angathe kuima amaima. Ine ndinakhala pansi, ndikudikira kuti andikoka. Palibe anandikoka. Pambuyo pake Mayi Tabitha anandionetsa pakhonde la kuseri, pamene amayanika nsalu, nandiikira ndowa ya madzi otawazira ndi thumba la chimanga loyala pansi. Anati bambo ake anali a ku Mangochi, amadziwa. Ndaswali koyamba chichokere Febuluwale. Mawondo anagwa okha, kudzuka ndinachita kugwira mzati.

Lamulungu, 10 Juni

Asiyatu wabwera ndi mpunga ndi nkhuku yozinga shehe. Nyama ya muno sindidya, ndimadya sadza ndi nyemba. Sitefano wadya ntchafu zonse ziwiri, akuti nkhuku yopempheredwa imakoma kuposa yachikunja. Mwana wanga amandiyankha Chizezuru ndikamulankhula Chinyanja. Ndasiya kumukalipira.

Masana Twaibu anabwera. Dokotala anati zimene ndikuona zitha m'masiku asanu. Lero ndi lachisanu ndi chiwiri.

Lolemba, 11 Juni

Lero ndilemba zambiri, dzanja lilole lisalole.

Dokotala anaima pakati pa bedi langa ndi la Sitefano, m'manja muli botolo la mapiritsi oyera, Mayi Tabitha akumasulira. Dzina lake antabusi. Munthu ukamwa piritsi limeneli tsiku ndi tsiku, mowa umasanduka poizoni m'thupi mwako, ngakhale wa pa supuni. Mapiritsi masiku anayi, tsiku lachisanu mayeso. Mayeso ake ndi akuti dokotala yekha amakuthirira burande m'tambula, iwe n'kumwa iye akuona, kuti thupi lilawe zimene zidzachitike ukadzamwa kunja. Akuti khutu limaiwala koma thupi siliiwala.

Sitefano anatambasula dzanja pomwepo. Ine ndinati mapiritsi ndimwa, ngakhale khumi, koma tambulayo ayi.

Ndinawafotokozera. Twaibu ataikidwa ndinamwa koposa kale, miyezi itatu. Kumapeto kwa Meyi ndinapita ku manda ake ndi shehe wa ku Gatuma, ndinaika dzanja pa Kurani, ndinalumbira kuti dontho silidzadutsanso pakhosi panga kufikira ndidzafe. Kusiya kwadzidzidzi kumeneko ndiko kunandigwetsa, ndiko kwandibweretsa muno. Ndiye munthu ndabwera chifukwa chosunga lumbiro, andichize polithyola?

Dokotala anati iyi si nkhani ya tchalitchi kapena mzikiti, ndi mankhwala. Popanda mayeso palibe mapiritsi, popanda mapiritsi palibe bedi, poti ena akudikira pakhonde. Wandipatsa mpaka Lolemba likudzali kuti ndiganize.

Atachoka, Mayi Tabitha anandiuza kuti si nkhanza. Chaka chatha kunali bambo wina wa ku Mhondoro, anapatsidwa mapiritsi opanda mayeso chifukwa burande anali atatha. Sanakhulupirire. Anapita ku ukwati wa mphwake, anamwa zikho ziwiri, anafera pa mphasa ng'oma zikulira. Kuyambira pamenepo dokotala analumbira naye lake lumbiro. Ndiye muno muli malumbiro awiri, ayang'anizana ngati atambala.

Lachiwiri, 12 Juni

Paladihaidi achepetsa, kakapu kamodzi madzulo okha. Jakisoni akupitirira. Sikelo ikuti ndawonjeza mapaundi awiri.

Ndilembe choona. Mayi Tabitha akamadutsa ndi thireyi ya jakisoni pamakhala kabotolo ka sipiriti wofiirira wopukutira pakhungu. Lero fungo lake litandipeza, malovu anadzaza m'kamwa. Ndinatsata thireyi ndi maso mpaka pakhomo, ndinaona pamene amaiika. Munthu wotere ndi woti abwerere ku komboni chimanjamanja? Kuchokera pa siteshoni kukafika ku chipinda changa ndimadutsa makomo asanu ndi limodzi ophika chikokiyana, ndipo onse amandidziwa dzina. Amai a pa khomo lachitatu amayamba kutsuka chitini akangoona chipewa changa. Lumbiro ndili nalo, koma pakhosi pali ndi nzeru zake. Mapiritsi ndikuwafuna. Ndikuwafuna kwambiri.

Lachinayi, 14 Juni

Asiyatu anakwera sitima kupita ku Gatuma osandiuza, kukaonana ndi shehe. Wabwera ndi yankho. Shehe akuti wodwala ali ndi chilolezo, chimene dokotala walamula ngati mankhwala si kuledzera, ndimwe tambulayo, ndikadzachira ndidzadyetse amphawi khumi, lumbiro lidzakhala lakonzeka. Anandiuza akumwetulira, ngati wanditengera mvula.

Ndinati shehe wanena bwino, ndipo Mulungu ndi wachifundo, ameneyo sindikumukayika. Koma dzanja linali pa Kurani, maso anali pa manda. Amene ndinamulonjeza ndi Twaibu. Ndinamulonjezapo kale kamodzi, pa njira ya ku Tete, ndipo tikudziwa mmene zinathera. Sindingapite kwa iye kachiwiri ndi chifukwa chomveka bwino. Tsiku lija ndinalinso nacho chifukwa chomveka bwino.

Asiyatu anamanga mbale zake m'nsalu mwaukali.

“Baba, mukufuna kufera munthu wakufa kale. Nanga ine wamoyo ndilibe lumbiro lanu?”

Ine amene ndinkasunga komboni yonse pa moto ndi nthano mpaka Loweruka kusanduka Lamulungu, mawu anandithawa. Anachoka osatsanzika. Mpunga anausiya.

Lachisanu, 15 Juni

Mayeso a Sitefano. Mayi Tabitha anapempha dokotala kuti ine ndigwire beseni. Dokotala anangokweza mapewa.

Anatchinga bedi ndi makatani, anakokera pafupi chitsulo cha mpweya ndi jakisoni awiri okonzeratu. Nthawi inali itangokwana naini. Sitefano anavala malaya ake a ku tchalitchi. Anakweza tambula nati taonani a Shehe, burande wa azungu amene apolisi amatimangira, lero ndikumwa boma likundigwirira wotchi. Anamwa kamodzi, nanyambita milomo, nati mwina awonjezere kuti mayeso akhoze bwino.

Mphindi zisanu anali akusekabe. Kenako makutu anafiira. Kufiirako kunatsika pakhosi mpaka pachifuwa, maso anasanduka ngati nyama yaiwisi. Mtsempha wa pakhosi unkagunda moti ndinkauona ndili chiimire. Anati mutu ukung'ambika. Anayamba kupuma ngati munthu wokwera makwerero a mgodi chikepe chitafa. Anasanza kanayi, kachisanu kunalibe chotuluka koma thupi linkakokabe. Thukuta linanyowetsa malaya a ku tchalitchi aja. Pamenepo kufiira kunachoka, anatuwa ngati phulusa, milomo inada. Dokotala anapopa lamba, anayang'ana, anapopanso. Anakweza miyendo ya bedi pa njerwa, anamuika mpweya pamphuno, anabaya jakisoni onse awiri. Sitefano ankaitana amai ake m'Chinyungwe. Anandigwira dzanja, zikhadabo zake zilipobe pamkono panga.

Zinatha cha m'ma leveni. Dokotala anatuluka. Beseni ndinakatsuka ndekha. Fungo la burande linali momwemo, ndipo kwa nthawi yoyamba malovu sanabwere.

Masana Twaibu anakhala nthawi yaitali. Ankayang'ana Sitefano.

Loweruka, 16 Juni

Mtima wa Sitefano sukuyenda bwino, ukudumpha. Amutenga pa ambulansi kupita ku chipatala chachikulu ku Gatuma. Pomunyamula anandikodola, mawu ali pansipansi.

“A Shehe, mundipempherereko m'chilankhulo chanu chija. Mwina kumeneko mzere ndi waufupi.”

Ndamupempherera pakhonde la nsalu. Sindikudziwa ngati n'zololedwa. Sindinafunse.

Lamulungu, 17 Juni

Asiyatu sanabwere. Pabedi la Sitefano agonekapo mwamuna wa ku njanji, amumanga ndi nsalu, akukuwa za njoka. Ndapinda malaya anga awiri. Mawa ndi Lolemba.

Lolemba, 18 Juni

Dokotala anafika pabedi panga khadi langa lili m'manja, nafunsa ngati ndaganiza. Ndinati ndaganiza, yankho ndi lomwe lija. Anatulutsa cholembera. Mayi Tabitha ndiye analankhula, m'Chingerezi, nthawi yaitali ndithu, mawu osakweza. Pambuyo pake anandiuza zimene ananena. Anati dokotala akufuna munthu adziwe zimene mapiritsi amachita. Tambula ndi njira imodzi yodziwira. Bwanji amufunse mdalayu zimene akudziwa, asanamutulutse?

Dokotala anakoka mpando, anavula wotchi naiika pabondo. Anati mphindi zisanu, madala.

Ndinayamba ndi makutu a Sitefano. Ndinanena zonse mwa dongosolo lake, monga ndalembera Lachisanu, koma pakamwa si pa pepala. Ndinapuma mmene ankapumira. Ndinagunda pachifuwa mmene mtsempha unkagundira, pang'onopang'ono, kenako mothamanga, kenako modumpha. Odwala amene amatha kuyenda anabwera kudzaima kumiyendo kwa bedi. Wina anagwira pakhosi pake. Mayi Tabitha ankamasulira pambuyo panga.

Nditafika pa milomo yakuda, sindikudziwa chimene chinachitika. Ndinapezeka ndikunena za munthu wina. Ndinati anagona pa mkeka m'chipinda cha komboni ku Chakari, akupuma chomwecho, akuitana dzina langa. Ndinanena chimene sindinauzepo shehe, ngakhale Asiyatu, ngakhale kope lino. Uthenga unandipeza tsiku loyamba. Munthu wa pa njinga anandipeza ku Rimuka Lachisanu masana, Twaibu akadali moyo, nati akukufunani, bwerani ndi kiyi. Basi ya ku Chakari inali pa siteshoni. Ndinati ndingomaliza chitini ichi. Chitinicho ndinachimaliza Lolemba.

Mayi Tabitha anali atasiya kumasulira. Dokotala anamufunsa kuti munthu wachiwiriyu ndani, poti anamva dzina lasintha. Anamuyankha mwachidule. Dokotala anandifunsa yekha m'Chilapalapa ngati mnzangayo ndimamuonabe. Ndinati tsiku lililonse, tikatha kudya. Anafunsa ngati amandiuza kuti ndimwe kapena ndisamwe. Ndinati sanena kanthu, bwana, amangokhala.

Wotchi inali itadutsa kalekale. Anaivala, anaika khadi langa m'thumba la jasi lake m'malo molisiya pabedi, nati ndigone muno lero.

Thupi lonse likuwawa ngati ndasenza miyala. Sadza sindinadye.

Lachiwiri, 19 Juni

Anabwera m'mawa kusanachitike mapemphero, ali ndi pepala. Mayi Tabitha anandiwerengera. Likuti ine Jafali ndakana mayeso chifukwa cha chipembedzo changa, ndaona ndi maso anga zimene mapiritsi amachita, ndipo ndikadzamwa mowa ndikudziwa kuti ndikhoza kufa. Anabweretsa inki yodindira chala. Ndinati ndilemba dzina. Linatenga nthawi koma linatuluka.

Dokotala anati sakukondwa nazo. Anati ngati ndidzafere pa mphasa ngati wa ku Mhondoro uja, adzanyamula anthu awiri m'mutu mwake m'malo mwa mmodzi. Ndinati ndikudziwa kulemera kwake kwa mmodzi, sindidzamuwonjezera. Anandiika piritsi pachikhatho, loyera, laling'ono ngati njere ya dzungu. Ndinati Bisimila mokweza, m'chipatala cha mishoni, iye ali chiimire pomwepo. Anadikira mpaka nditameza, anandiuza nditsegule kukamwa, anayang'ana pansi pa lilime.

Dongosolo ndi ili: piritsi limodzi m'mawa uliwonse pamaso pa namwino, milungu itatu muno. Ndikatuluka, Asiyatu azisunga botolo. Viniga ayi, mankhwala a chifuwa a m'sitolo ayi, maheu ogona masiku awiri ayi. Mayi Tabitha atumiza mawu kwa Asiyatu kudzera kwa mwamuna wa Asiyatuyo, wa ku siteshoni. Kaya abwera.

Za Sitefano sitinamve kanthu. Ndafunsa kawiri.

Ndinkaganiza kuti lero Twaibu sabwera. Ndinati zonse ndanena, lumbiro ndasunga, mwina apita kukagona. Titatha kudya anatsitsa makatani, wodi inakhala zii, wa ku njanji uja atagona. Ndinamva kutsokomola kuja. Anali pamalo pake, bulangete paphewa, majombo kumapazi, fumbi m'ndevu. Sanasinthe kanthu.

Masiku onsewa ndakhala ndikuyang'ana kudenga. Lero ndinamuyang'ana kumaso. Wakalamba kuposa mmene ndinkamukumbukira, ndipo anakhala m'mphepete mwenimweni mwa bedi, theka la thupi lili m'malere, ngati mlendo amene sanauzidwe kuti akhale.

Ndinasunthira kukhoma, ndinamusiyira malo.